Galainda, hakiso kapena mpeni wa kaboni: ine ndinaphunzirira pakhosi

Anzanga amene timapalasa nawo njinga Loweruka m'mawa ku Leopards Hill akhala akundifunsa funso limodzimodzi chifupikitsire foloko ya njinga yanga, imene imagwira tayala la kutsogolo: kaboni umadula ndi chiyani, nanga kumaso umavala chiyani? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndiye ndilembe kamodzi. Njinga zathu zambiri za kaboni zinabwera zitakwerakwera kale kunja, zinali za anthu a misinkhu ina. Ukaipeza, chiwongolero chili m'mwamba kapena paipi ya chishalo yatalika. Kudula sikuthawika.

Ndiyambe ndi galainda, poti ndi amene ndili naye chifukwa. Ndinapita ndi foloko kwa mnyamata wina wowotcherera mageti ku Kalingalinga. Anaitembenuza, kuigogoda ndi chala, n'kunena kuti, "Amdala, iyi ndi ya mphindi imodzi." Sananame. Disiki itangokhudza, kunabuka utsi wakuda wonunkha ngati pulasitiki yopsa, ndipo ine ndinali nditawerama pomwepo nditamugwirira foloko. Fumbi linatera pamikono ngati mwaye wa m'khitchini ya nkhuni. Ndinangolisasa ndi dzanja, kulipira, n'kumapita ndikudziyamikira kuti ndasunga ndalama.

Madzulo ake pakhosi panayamba kukereketa. Pamene pamakhala lamba wa wotchi ndi m'mapindiko a zigongono munayabwa ngati ndadutsa m'chitedze, ndipo ndikamakanda m'pamene zimakula. Nditamina, kansalu kanada bii. Chifuwa chouma chinandigwira masiku atatu, mayi a kunyumba mpaka kundifunsa ngati ndayamba fodya mobisa. Foloko nayonso sinapulumuke. Kumapeto kwake kunali manyanyumanyanyu ngati nzimbe yotafuna, zigawo za kaboni zitalekana chifukwa cha kutentha. Ndinachita kudulanso m'munsi kuti ndifike pabwino, ndipo utali umene unapitawo subwerera. Lero ndimapalasa nditawerama ngati ndikupalira chimanga.

Vuto ndi lakuti kaboni si chitsulo. Ndi tiulusi tambirimbiri tomatidwa ndi utomoni wa epoxy. Kaulusi kamodzi kamanenepa pakati pa ma micrometre 5 ndi 7, pamene tsitsi la munthu limaposa pamenepo pafupifupi kakhumi. Tizidutswa tokulirapo timakodwa m'mphuno ndi pakhosi, kapena kubaya khungu, n'chifukwa chake kuyabwa kuja. Koma bungwe la WHO limawerengera ulusi woonda kuposa ma micrometre 3 kuti ndi umene umatha kutsika mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. Galainda yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. Pa liwiro limenelo ulusi umaphwanyika kukhala tizibenthu toonda, utomoni umapsa, ndipo disiki yomweyo imakupizira zonsezo kumaso kwako. Sindikunena kuti kaboni ndi asbestos, kapena kuti kudula kamodzi kungakupatse matenda a anthu a m'migodi amene amapimidwa mapapo ku Kitwe. Komabe amene tinakula ndi agogo obwera ku Copperbelt akutsokomola usiku wonse sitiseka nalo fumbi. Ngati muli ndi mphumu, kapena ndinu makaniko wodula sabata ndi sabata, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Chinanso, fumbi limeneli limadutsa magetsi, choncho likalowa m'mota ya galainda kapena mu laputopu imene ili pafupi likhoza kuwotcha zinthu.

Chodulira mapaipi a madzi, chija chozungulira ndi kagudumu, musachiyese n'komwe. Chimafinya kaboni mpaka kusweka.

Chachiwiri ndi mpeni wapadera wodulira kaboni, womanga pa hakiso. Wanga ndi wa Park Tool, CSB-1. Ulibe mano, m'mphepete mwake muli timibulu tolimba ngati mchenga, ndiye umapala m'malo mong'amba. Umadula mosalala, pamenepo ndiuyamike. Chinandiwawa ndi njira yake yofikira ku Lusaka. Pa intaneti mtengo unkaoneka wabwino, koma kampani yonyamula katundu inandilipiritsa ngati ndaitanitsa kilo yathunthu, kuwonjezapo msonkho, kenako tsiku lokatenga n'kundiuza za ndalama ina ya "kusamalira katundu" imene sanaitchule poyamba. Kampeni kopepuka ngati supuni! Ndipo musaganize kuti mpeni umenewu umathetsa fumbi. Limatulukabe, losalala ngati ufa woyera, choncho madzi ndi masiki zimafunikabe.

Chachitatu ndi hakiso wamba, amene ndinasiyiridwa ndi malume anga. Mpeni wake ukhale watsopano komanso wa mano 32 pa inchi, wopezeka m'mashopu a zitsulo ku Kamwala. Wa mano 18 umakoka ulusi, usiyeni. Ndimakulunga tepi ya pepala pamalo odula, kulemba mzere, kenako kumanga sitemu yakale (kachitsulo kolumikiza chiwongolero ku foloko) pamzerepo kuti mpeni utsamire. Mwana wanga amaima chapatali ndi kabotolo kopopera madzi a sopo pang'ono, ntchito yake kunyowetsa basi. Ndimacheka pang'onopang'ono osakanikiza, ndipo ndikatsala pang'ono kumaliza ndimatembenuza paipi kuti mbali yomaliza isang'ambike. Fumbi lija limasanduka matope akuda oyenderera pa nyuzipepala imene ndayala pansi. Palibe chouluka. Pomaliza msasa wonyowa kusalaza m'mphepete, kansalu konyowa kupukuta, zonse m'jumbo n'kumanga. Osasesa ndi tsache, osapemerera ndi kompulesa. Ndimadulira panja, koma osati masana a mu Ogasiti pamene mphepo ya Lusaka ikunyamula chilichonse kupita nacho pa zovala za aneba.

Za masiki ndinapusitsidwanso. Za nsalu ya chitenje zija tinasoketsa mu 2020 sizigwira fumbi losalala chotere, ndipo za buluu za kuchipatala zimasiya mipata m'masaya. Ndiye nditachira chifuwa ndinakagula chimasiki cha labala cha zitini ziwiri, chooneka ngati cha asilikali. Wogulitsa anandilumbirira kuti chimatchinga chilichonse. Kunyumba nditayang'anitsitsa, zitinizo zinali ndi mzere wabulauni ndi chilembo A, kutanthauza za nthunzi ya penti ndi thinala. Za fumbi zimakhala ndi mzere woyera ndi chilembo P, ndipo yoyenera apa ndi P3. Kubwerera nacho, akuti zosefera zoterozo amagulitsa padera, komanso zinali zitatha. Chilipo m'kabati, ana amaseweretsa.

Imene ndimavala tsopano ndi yotaya ukagwiritsa ntchito, FFP2, ndipo ndikapeza FFP3 ndimatenga imeneyo. Amenewa ndi magulu a masiki a fumbi: FFP2 imasefa 94 peresenti, N95 imasefa 95, FFP3 imasefa 99. Yang'anani zolemba pa masiki penipenipo, osati pa bokosi: EN 149 pa FFP, kapena NIOSH pa N95, zosonyeza kuti inayesedwa. N95 yeniyeni malamba ake amazungulira mutu, sakoleka m'makutu. Ndevu zimaononga zonse, chifukwa mpweya umalowera m'mbali. Ine ndimameta m'mawa wa tsiku lodula. Onjezani magalasi otseka m'mbali ndi malaya a manja aatali, ndipo khungu likayabwa tsukani ndi madzi ozizira ndi sopo, osakanda.

Ndiye mukandifunsa, kwa munthu wodula foloko imodzi kapena ziwiri pa chaka, hakiso wa mano 32, madzi ndi FFP2 zakwana. Mpeni wa kaboni ugulidwe ndi makaniko amene adzaubweza ndalama zake, kapena muuze m'bale wochokera ku Johannesburg auike m'chikwama. Galainda ikhale ya mageti. Mnyamata uja sindimuda, amawotcherera bwino, koma ndikadutsa pa shedi yake pakhosi pamayamba pokha kukereketa.

Amene akufuna kudula Loweruka likubwerali abwere ndi mpeni watsopano ndi masiki yake. Tepi, sitemu yakale ndi wopopera madzi ndili nazo.