Masitika a BMX yakale: otsalira, osungidwa, odindanso ndi a pa boma

Pa msika wa Lizulu, chakumapeto komwe kumakhala okonza njinga, ndinapeza kanjinga ka BMX, tija tamatayala aang'ono tochitira mpikisano ndi masewera, katatsamira thumba la kachewere. Pa paipi yapansi panali sitika ya GT, kampani ya ku America yopanga njinga zotere, waliwali ngati yamatidwa m'mawa womwewo. Mwini wake, mnyamata wa kabaza, anangoti, "Madala, iyi ndi ya ku America, orijino. Onani dzina." Dzinalo sindinalilabadire. Ndinawerama n'kusuzumira kuseri kwa paipi ya chishalo. Pa GT zambiri za m'ma 1980, paipi yapamwamba imaboola paipi ya chishalo n'kutulukira kumbuyo, ndipo kumapeto kwake kumakhala kachitsulo kotsekera kodindidwa zilembo GT. Apa panalibe. Mapaipi anangokumana n'kuwotchereredwa, basi. Nditainyamula, inali yolemera ngati Humber ya agogo. Ndinati, "Achimwene, sitikayi ndi yokongola, koma yakwera njinga ya eni." Anaseka, nati anaigula ili choncho, ndipo ine ndinamukhulupirira.

Ndayambira pamenepa chifukwa ambiri timathamangira kufunsa ngati sitika ndi yeniyeni tisanafunse ngati feremu ndi yeniyeni. Chitsulo sichinama msanga. Haro Master, yomwe inatuluka mu 1984, ili ndi mapaipi awiri apamwamba oyenda limodzi. PK Ripper ya kampani ya SE Racing ndi ya aluminiyamu, mapaipi ake ophwatalala m'mbali. Skyway TA ili ndi mapaipi ooneka ngati dontho la madzi mukawadula. Nambala ya feremu imadindidwa m'chitsulo, kawirikawiri kunsi kwa chigoba cha mapedulo kapena pomwe pamalowa ekiselo yakumbuyo, ndipo imathandiza kudziwa nthawi yomwe njinga inapangidwa. Mukakhutira ndi chitsulo, m'pamene nkhani ya masitika imayamba, ndipo njira zilipo zinayi.

Yoyamba ndi kusachita kanthu. Njinga yanga ndi Mongoose ya chrome yomwe amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo inakhala zaka zambiri ili lende kudenga la khitchini ku Bembeke, utsi ukuifukiza. Sitika ya pa paipi yapansi ndi yong'ambika pakona, zofiira zake zinasanduka ngati dothi la katondo, ndipo pa foloko panatsala chidutswa chokha. Mwana wa achemwali anga ataiona anati, "Malume, ndikupalireni zonyansazi ndi lezala?" Ndinachita kumulanda lezalalo. Masitika otsalirawa ndiwo umboni woti palibe amene anaiseweretsa njingayi, ndipo osonkhanitsa njinga zakale kunja amalemekeza kwambiri njinga yotere kuposa yomwe yapentedwa n'kumatidwa zatsopano. Mukapala, mwapala kamodzi.

Nanga mudziwa bwanji kuti sitika yomwe ili panjinga ndi ya kufakitale? Pa BMX zambiri za nthawi imeneyo sitika inkamatidwa pamwamba pa penti kapena chrome popanda vanishi, choncho inakalamba limodzi ndi njinga. Yang'anani zipsera. Ngati mzere wokalika ukuyenda pa penti, n'kufika pa sitika n'kusowa, kenako n'kupitirira mbali inayo, sitikayo inabwera chilonda chilipo kale. M'mphepete mwa sitika yakale mumakhala kamzere kakuda ka fumbi lomwe linamatirira ku guluu. Pomwe chidutswa chinachoka pamatsala chithunzithunzi, penti wowala kuposa wozungulira, ndipo chithunzithunzicho chiyenera kufanana msinkhu ndi sitika yomwe ilipo. Mbali yomwe inkayang'ana dzuwa imafwifwa kuposa yakunsi. Sitika yofwifwa mofanana paliponse pa njinga ya zaka 40 imandikayikitsa.

Njira yachiwiri ndi imene imadya anthu ndalama: masitika akale omwe sanamatidwepo, amene ogulitsa amawatcha NOS. Anadindidwa nthawi yomweyo, n'kukhala m'kabati ya shopu ya njinga mpaka lero. Alipodi, koma ndi ochepa, ndipo achinyengo amadziwa kuti zilembo zitatuzi zimakweza mtengo. Ine zinandigwera. Ndinatuma msuweni wanga wa ku Joni kuti andigulire seti kwa munthu wina amene ankalumbira kuti ndi ya m'ma 1980. Itafika pa basi, ndinaitsegula ndi manja onjenjemera. Pepala lakumbuyo linali lachikasu ngati lakale ndithu, mwina analiviika mu tiyi, kaya. Koma nditalitembenuza n'kuyang'anitsitsa zilembo zotuwa za kampani yopanga pepalalo, ndinapeza adiresi ya pa intaneti yoyamba ndi www. M'ma 1980 kunalibe zimenezo. Ndalama yokwana kugula matumba angapo a feteleza inapita choncho, ndipo kunyumba sindinanene mtengo weniweni.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndi kumbuyo. Mayina a makampani opanga mapepalawa, ngati Fasson ndi 3M, amapezeka pa mapepala akale, koma dzina lokha si umboni, poti munthu akhoza kupeza pepala lakale n'kudindapo dzulo. Umboni wolimba uli mu inki. Simufunika galasi la akatswiri. Tengani foni, pukutani kamera, tulukani panja pa dzuwa, jambulani pafupi kwambiri n'kukulitsa chithunzicho mpaka mapeto. Masitika ambiri a nthawi imeneyo ankadindidwa ndi sefa, monga amachitira odinda matisheti a sukulu ndi a mipingo: mtundu uliwonse ndi sefa yake, inki yake yosakanizidwa kale, kudinda umodzi, kuuma, n'kubwera wina. Choncho chofiira chimakhala chofiira chokhachokha, chosalala ngati penti wa galimoto. Mukayendetsa chikhadabo mofatsa mumamva kaphiri pomwe mtundu wina wakwera pa unzake. Nthawi zina mitundu imaphonyana pang'ono, kamzere koyera kakusuzumira m'mbali mwa chilembo. Anthu osadziwa amati kuphonyanako ndiye ufeki, pomwe nthawi zambiri ndi chizindikiro cha dzanja la munthu. Makina a kompyuta amachita zosiyana: amawaza timadontho ta inki zinayi, yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda, kuti diso linamizike. Mukakulitsa chofiira chawo mumaona mchenga wa timadontho tapinki ndi tachikasu, ndipo m'mphepete mwa zilembo muli manomano.

Ngakhale mutapeza NOS yeniyeni, dziwani kuti guluu amakalamba. Wina amauma n'kukana kugwira, wina amasungunuka n'kutulukira m'mbali, ndipo pulasitiki yake imatha kuthetheka mukamaipinda pa paipi. Kwa ine sitika yotere ndi yoika mu envelopu, kapena yomata pa njinga yomwe izikhala pabalaza. Kuiika pa njinga yomwe mwana azitsika nayo mtsetse wa ku Bembeke ndi kuwononga.

Yachitatu ndi masitika odindanso mwaluso. Kunja kuli anthu amene amatenga sitika yeniyeni, kuiyeza mpaka milimita, kujambulanso zilembo, kusakaniza inki kuti ifanane ndi yakale, n'kudinda ndi sefa pa pulasitiki yoonekera kapena yonyezimira ngati chrome. Ena ali ndi chilolezo cha eni dzina, ena alibe. Amene amanena poyera kuti "awa ndi odindanso" ndilibe nawo mlandu. Ndipotu kwa njinga yomwe penti wake anatha kale ndipo palibe chotsalira, awa ndi amene ndingasankhe. Guluu wake ndi watsopano, amagwira bwino, ndipo ukalakwitsa pomata sulira maliro. Vuto lake ndi lakuti abwino kwambiri ndi amene achinyengo amawaviika mu tiyi. Poti inki yake ilibe timadontho, mayeso a kamera aja sawagwira. Apa pamafunika kuyerekeza ndi njinga yomwe ikadali ndi masitika ake, kapena makatalogi a chaka chimenecho: kunenepa kwa zilembo, mpata pakati pa chilembo ndi chinzake, komwe kuli kachizindikiro ka ® kapena TM, ndi tizilembo tating'ono ta pa sitika ya 4130 yonena za chitsulo cha chromoly. Odindanso ambiri amagwira bwino dzina lalikulu n'kupunthwa pa tizilembo tating'onoti. Fungonso limathandiza: sitika yongodindidwa kumene imamveka inki ndi pulasitiki, yakale imanunkha kabati.

Pali msampha wina womwe ngakhale sitika yabwino siingakupulumutseni: chaka. Makampaniwa ankasintha masitika pafupifupi chaka ndi chaka. Haro ya 1984 ndi ya 1987 sizivala zofanana, ndipo Raleigh Burner, yomwe inayamba mu 1982 ku England, inali ndi mitundu ingapo, Tuff Burner, Super Burner ndi ina, uliwonse ndi masitika ake. Kugula seti yokongola ya chaka cholakwika kuli ngati kuvala yunifomu ya sukulu ina. Komanso mayina ena akadalipo pa msika. Mongoose, yomwe Skip Hess anayambitsa mu 1974 ku California, inadzagulitsidwa kwa eni ena, ndipo lero dzinali limapezeka pa njinga zotsika mtengo za m'masitolo akuluakulu. Zotere zimafika kuno mu kaunjika. Sitika yake si yabodza, kampani inamatadi yokha, koma njingayo si yakale. Makampani ngati SE, Haro ndi Raleigh anatulutsanso njinga zatsopano zofanizira zakale zija, ndiye musadabwe kuona Burner yopanda chipsera.

Yachinayi ndi yathu yapafupi: kutenga chithunzi pa foni n'kupita nacho kwa odinda mabanala ndi zolemba za pa minibasi, kaya pa boma pa Dedza kaya pa Ntcheu. Ndinayesapo, pa kanjinga ka mwana wanga, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndi zotchipa, umatenga tsiku lomwelo, ndipo ukaima patali zimaoneka bwino. Koma malire ake adziwike. Makina ambiri a m'mashopu athu alibe inki yoyera, amadalira kuyera kwa pulasitiki yomwe akudindapo. Ndiye sitika yomwe inayenera kukhala zilembo zoyera pa pulasitiki yoonekera, kuti chrome izioneka kuseri, imatuluka ngati chigamba choyera, kapena ikadindidwa pa yoonekera mitundu imazimiririka pa chitsulo. Mitundu yothobwa m'maso ija ya chapakati pa ma 1980, pinki ndi girini wa neon amene GT ndi Haro ankakonda, inki zinayi sizingaitulutse. Girini amabwera ngati tsamba la mpiru. Zonyezimira ngati siliva kapena golide zimasanduka zotuwa ndi zachikasu. Ndipo poti chithunzi chinajambulidwa pa paipi yozungulira, zilembo zimatuluka zopindika kapena zonenepa. Mnyamata amene anandidindira anayesetsa, mpaka anafuna zilembo zofanana pa kompyuta yake, koma anavomera yekha kuti, "Bwana, R uyu si yemweyo." Sitika ya ku Lizulu ija inali ya mtundu umenewu.

Pa kulimba, odindidwa ndi sefa amaposa, chifukwa inki yake ndi yokhuthala. A pa boma opanda kapulasitiki koteteza pamwamba amafwifwa msanga, makamaka kuno kumtunda. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo dzuwa la Okutobala limadya zofiira kuyamba. Mukadinditsa, pemphani kuti akuikireni lamineti.

Kuzizira kwathu kumavutitsanso pomata, ndipo izi zikukhudza mitundu yonse. Guluu wa masitika sagwira bwino chitsulo chikazizira pansi pa madigiri 10, ndipo m'mawa wa Juni kuno feremu imachita kuluma m'manja. Dikirani masana, iikeni njinga padzuwa kaye. Pukutani paipi ndi sipiliti, osati petulo kapena thina, zomwe zimadya penti ndi masitika otsalira. Ikani kachidutswa ka tepi kosonyeza pakati pa paipi musanamatule pepala lakumbuyo, ndipo sindikizani kuchokera pakati kupita m'mbali ndi kansalu. Ena amanyowetsa paipi ndi madzi a sopo pang'ono kuti sitika itheke kusuntha. Pa yatsopano zimatheka, pa NOS ine sindingayerekeze.

Ndiye kwa amene wandifunsa kuti asankhe iti, ndimayamba ndafunsa kuti panjingapo patsala chiyani ndipo azikwera ndani. Patsala masitika, ngakhale theka, asiyeni, sambitsani ndi sopo ndi kansalu kofewa. Palibe chotsala ndipo feremu ndi yeniyeni, itanitsani odindanso ndi sefa a chaka choyenera, ndipo podzagulitsa mudzanene kuti ndi odindanso. Feremu ndi ya mu kaunjika yopanda mbiri, ya ana, pitani pa boma, koma bwanji osadinditsa dzina la mwanayo m'malo mwa GT? NOS muisiyire amene ali ndi njinga ina yeniyeni pafupi yoti ayerekezere, ndipo musanatumize ndalama ku Joni kapena kwina, uzani wogulitsa akujambulireni kumbuyo kwa pepala ndi chilembo chimodzi chokulitsidwa padzuwa. Akayamba kuzemba, mwamva kale yankho.

Mongoose ya amalume ikadali ndi sitika yake yong'ambika. Seti yanga ya www ija ndinaimata pa wilibala, ndipo mpaka pano ikugwira.