Magalasi a dzuwa: akuda wamba, a polarized, kapena oda okha?

Magalasi a dzuwa amene timagula, kaya kwa mavenda kaya kwa madokotala a maso, alipo mitundu itatu: akuda wamba, olembedwa kuti polarized, ndi aja ooneka oyera m'nyumba koma n'kumada okha mukatuluka panja. Ambirife timangosankha amene ada kwambiri. Kusankha kotereku kumapusitsa, chifukwa kuda kwa galasi sikutiuza kuti likutchinga kuwala kwa mtundu wanji.

Akuda wamba ntchito yake ndi imodzi basi, kuchepetsa kuwala konse mofanana. Ena amakhala ndi nambala pa kamwendo kake, kuyambira 0 mpaka 4. A nambala 3 amalola magawo 8 mpaka 18 pa 100 alionse a kuwala, ndipo ndi amene amakwanira padzuwa lathu lino. A nambala 4 amalola 3 mpaka 8 okha, moti si oyendetsera galimoto. Vuto lake limaonekera pamadzi. Imani pamwala ku Cape Maclear dzuwa litakwera, muyang'ane pansi: kunyezimira kwa pamwamba pa madzi kwachepa ndithu, koma mbuna zimene zili pansi nazo zazilala chimodzimodzi. Maso apumako, koma simukuona chilichonse chimene simunkachiona kale.

A polarized ndiwo ali ndi nkhani. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mafundewo amagwedezeka chopingasa ndi njira imene akulowera. Kochokera kudzuwa kumagwedezeka mbali zonse mosakanikirana. Koma kukagunda pamadzi, pagalasi kapena pamsewu wa tala wonyowa n'kunjanja, kochuluka kwa kumene kwanjanjako kumakhala kukugwedezeka chogona, molingana ndi pamwamba pa madzipo. Étienne-Louis Malus wa ku France ndiye adazindikira zimenezi mu 1808, akuyang'ana kudzera m'mwala woonekera wa calcite dzuwa likunyezimira pa mawindo a nyumba ya Luxembourg ku Paris. Mu 1815 David Brewster wa ku Scotland adapeza lamulo la kupendekeka kumene izi zimafika pachimake. Pamadzi ndi madigiri pafupifupi 53 kuchokera pa mzere woimirira chilili, kutanthauza dzuwa lili madigiri 37 pamwamba pa malekezero a thambo, chakum'mawa ndithu kapena chakumadzulo lisanapendeke kwambiri.

M'kati mwa galasi la polarized muli kapepala kopyapyala kamene kamameza kuwala kogwedezeka chogona n'kulola kogwedezeka choimirira. Zili ngati chingwe chimene mwachipisa pa mpata wa mpanda wa nsungwi: mukachigwedeza m'mwamba ndi pansi funde limadutsa, mukachigwedeza cham'mbali limafera pampandapo. Edwin Land wa ku America ndiye adapeza njira yopangira kapepalaka motchipa cha m'ma 1929, ndipo mu 1937 adakhazikitsa kampani ya Polaroid. Tsono mukabwerera pamwala paja mutavala amenewa, kunyezimira koyera kuja kumachoka, miyala ya pansi ndi nsomba n'kuonekera bwinobwino. Kwa msodzi, woyendetsa boti, kapena dalaivala amene ali pa M1 mvula itangokata dzuwa n'kutulukanso, ine sindikuona choyerekeza nawo. Amachotsanso chithunzi cha dashibodi chimene chimaoneka pagalasi la kutsogolo, chimene ambiri sadziwa n'komwe kuti chimawatopetsa maso.

Komatu ali ndi zofooka zimene wogulitsa satchula. Masikirini a LCD, mtundu wopezeka pa zipangizo zambiri zamagetsi, nawo amatulutsa kuwala kogwedezeka mbali imodzi, choncho wailesi ya m'galimoto, makina a ATM kapena foni zikhoza kuda bii mukapendeketsa mutu. N'chifukwa chake oyendetsa ndege amalangizidwa kuti asamavale amenewa. Pagalasi la kumbuyo kwa galimoto mudzaona timawangamawanga, zimene zimachokera ku kapangidwe ka galasilo, osati kuti magalasi anu aonongeka. Dzuwa likakhala lotsika kutsogolo kwanu kwenikweni, kukuthobwani m'maso, sapambana akuda wamba, pakuti kuwala kobwera mwachindunji sikunasanjike mbali imodzi. Pa malata atsopano kapena chitsulo chonyezimira amathandizanso pang'ono chabe. Ndipo pali china choti madalaivala achenjere nacho: nthawi zina kunyezimira komweko ndi kumene kumakuuzani kuti patsogolo pali chithaphwi kapena mafuta otayika.

Aja oda okha ndi abwino kwa munthu amene amavala kale magalasi a kuchipatala ndipo safuna kuyenda ndi awiri. Amada akalandira cheza cha UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso. Koma galasi la kutsogolo la galimoto limatchinga UV wochuluka, ndiye ambiri a iwo sada mokwanira muli pa chiwongolero, pomwe mumawafunitsitsa. Kukatentha kwambiri, ngati Okutobala wa ku Nsanje, sadanso bwino ngati m'mene amachitira kukazizira.

Nkhani ya UV imeneyi ndi imene imandidetsa nkhawa, ndipo kuti timvetse tiyenera kusiya mafunde pang'ono. Mu 1905 Albert Einstein adafotokoza kuti kuwala kumapereka mphamvu zake m'timagawo, timene lero timatchedwa mafotoni, ndipo mphamvu ya fotoni imodzi imadalira mtundu wa kuwalako, osati kuchuluka kwake. Fotoni ya UV ili ndi mphamvu zoposa ya kuwala kofiira, zokwanira kuononga tizigawo ta m'diso, ndipo pakapita zaka imathandizira kubweretsa ng'ala. Kuwala komweko kumene kumasefedwa ngati funde pagalasi la polarized kumafika m'diso ngati timagawo. Ngakhale pa kapepala ka Land kaja, fotoni siduka pakati: imadutsa yonse kapena kumezedwa yonse, ndipo ikabwera itapendekeka madigiri 45 mwayi wake wodutsa ndi theka.

Tanthauzo lake kwa ogulafe ndi lakuti kuda, polarized ndi kutchinga UV ndi zinthu zitatu zosiyana. Galasi loyera mbee likhoza kutchinga UV yense, pomwe lakuda bii likhoza kumulola. Lakuda lopanda chitetezoli ndi loipa kuposa kusavala kanthu, chifukwa mumdima kamwana ka m'diso kamatseguka kwambiri. Choncho yambani mwafuna chizindikiro cha UV400, chosonyeza kuti magalasiwo amatchinga UV, makamaka mukamagulira ana kapena abale athu achialubino. Kasitika kokha sikokwanira, poti aliyense akhoza kumata. Malo ena opimira maso ali ndi kachipangizo koyezera UV, ndipo ndi bwino kufunsa.

Za polarized zokha mukhoza kuyesa nokha musanalipire. Tengani awiri a pathebulo lomwelo, muwasanjikize, kenaka mutembenuze amodzi mpaka apingasane ndi anzake. Ngati onse ndi enieni, pamene asanjikizanapo pada bii. Kukakhala kuti alipo amodzi okha, yang'anani nawo sikirini ya LCD ya laputopu uku mukuwatembenuza pang'onopang'ono. Sikiriniyo ikapanda kuda penapake, amenewo ndi akuda wamba, ndipo musalipire mtengo wa polarized.