Nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo n'za mnyamata amene anatiperekeza pa phiri la Zomba

Ndikulemba thupi likadaphwanya, ndipo mtima wanga sunatsike pa nkhani ya bambo amene tinawalipira. Dzina la kampani yawo sinditchula. Amene munaona chithunzi cha mathithi chija chikuzungulira m'magulu a WhatsApp, cholonjeza ulendo wa tsiku lonse, nkhomaliro ndi woperekeza wodziwa phiri, mwadziwa kale. Tinalipira K30,000 ija pa munthu, theka pa foni, theka pofika. Tinalipo asanu: ine, amuna anga, ana athu awiri ndi achemwali anga amene abwera kuchokera ku Johannesburg kudzaona amayi. Iwowa anaphunzira ku Chanco zaka zinayi akuliona phirili m'mawa uliwonse koma osalikwerapo, ndiye ulendowu unali wawo.

Tinapangana 7 koloko pafupi ndi Ku Chawe. Ife tinanyamuka ku Blantyre kusanache, n'kukwera msewu wokhotakhota uja ana akugona, ndipo tinafika nthawi isanakwane. Mwezi wa June pamwamba paja kumazizira kolowa m'mafupa. Tinaima mpaka 9 koloko kudutsa, foni ya bambo aja ikungoitana osayankhidwa. Atafika sanapepese n'komwe. Anayamba ndi kufunsa ndalama yotsala, ndipo atailandira m'pamene anatiuza kuti iwo sapita nafe, ali ndi alendo ena oti awatengere ku Chingwe's Hole pa galimoto. Chingwe's Hole yomweyo inali pa ndondomeko yathu! Ndiko kumene ana ankafunitsitsa, chifukwa bambo awo anawasimbira kuti mafumu akale ankaponyamo adani m'dzenjemo, komanso kuti ukaima kumeneko umaona chigwa cha Shire. Nditafunsa anangoti, "Mayi, wapansi simungakafike lero, nthawi yatha." Inatha ndi ndani nthawiyo? Nkhomaliro yake inali jumbo ya mabanzi asanu ndi nthochi zofewa.

Kenako anakodola mnyamata wina amene anakhala pa mwala chapatali, wovala magambuti ndi juzi yothothoka m'zigongono, n'kunena kuti, "Uyu akutengani." Basi, anakwera galimoto n'kumapita.

Ndivomere kuti mnyamatayo sindinamulandire bwino. Anatipatsa moni mwaulemu, ine ndinayankha ndi mphuno. Iye anangoti, "Pepani amayi. Tiyeni tiyambepo kuti dzuwa lisatilowere m'nkhalango."

Tinayambira pa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wonse wa Zomba, n'kutsata mtsinjewo chokwera. Mbali imeneyi ndilibe nayo mawu. M'mphepete mwa madzi mitengo ndi yachilengedwe, yaitali, yomera ndere, ndipo pansi pake m'ponyowa, pa fungo la masamba owola. Mathithi a Mandala tinangodutsa, koma pa Williams tinakhalitsa. Mwana wanga wamng'ono anaviika phazi n'kukuwa ndi kuzizira kwa madzi. Mnyamata uja sanali wolongolola. Ankaima, n'kukweza dzanja kuti tikhale chete, kenako n'kuloza m'mwamba, ife n'kuona nchima zikudumpha m'nthambi. Anathyolera ana mabulosi a m'tchire, achikasu aja omera pa minga, omwe anyamata amagulitsa m'timbale m'mbali mwa msewu pamodzi ndi sitiroberi. Anandichenjeza kuti ndisatulutse nthochi poyera chifukwa anyani a kumeneko saopa munthu.

Titasiya mtsinje n'kukwera mtunda, mtima unandiwawa. Mapaini ambiri anadulidwa, malo ena ndi zitsa zokhazokha zakuda ndi moto, ndipo tinkakumana ndi azimayi atasenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo, akutsika nayo ku tauni. Chithunzi cha pa WhatsApp chija sichionetsa zimenezo. Komabe pa Queen's View ndi pa Emperor's View ndinaiwala zonse. Tauni ya Zomba, yomwe inali likulu la dziko mpaka 1975, inali pansi pathu ngati madenga a zidole, nyanja ya Chilwa ikung'anima, phiri la Mulanje likuoneka kutali. Mnyamatayo anafotokozera ana kuti malo a Emperor's View anatchulidwa pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafikapo mu 1965, ndipo a Queen's View ndi a mayi ake a Mfumukazi Elizabeth amene anabwera mu 1957. Achemwali analoza kumene ankagona ali pa sukulu, maso ali jenjenje ndi misozi. Tinadyera pomwepo mabanzi athu aja.

Zimene zandilembetsa ndemangayi zinachitika pobwerera. Cha m'ma 2 koloko mnyamata uja anayang'ana chakumwera n'kunena kuti, "Chiperoni chikubwera, tifulumire." Ine ndinaona ngati akungofuna kuweruka msanga, poti dzuwa linali likuwala. Sipanathe theka la ola, nkhungu inatikuta moti amuna anga, amene anali patsogolo pang'ono, ndinkangowamva mawu. Kunayamba kuwaza mvula yopyapyala yozizira. Masamba a paini akanyowa amaterera ngati therere, ndipo potsetsereka pena achemwali anaponda muzu, phazi n'kupindika. Ndinamva kukuwa kwawo ndisanawaone. Anali atakhala pansi atagwira kakolo, ndipo pomwe tinkavula nsapato phazi linali litayamba kale kutupa.

Amuna anga anaimbira bambo aja kanayi. Foni yozimitsa. Ana anayamba kulira, ine manja akunjenjemera, sindinkadziwa n'komwe kuti kumene tachokera ndi kuti. Phirili pamwamba pake limapitirira mamita 2,000, ndipo ndinayamba kuganiza zoti tigona pomwepo ndi ana opanda mabulangete.

Mnyamatayo anagwada pamaso pa achemwali n'kunena kuti, "Anti, ndiloleni ndigwire." Anasisita pang'onopang'ono, n'kuwauza kuti agwedeze zala. Kenako anandipempha chitenje chomwe ndinafunda, anatsetsereka nacho mu nkhungumo kupita kumene kunkamveka kamtsinje, n'kubwera nacho chonyowa ndi madzi ozizira aja. Anamanga phazilo molimba, mopingasa pansi pa chidendene, ngati munthu amene wazichitapo kambiri. Anadula ndodo, n'kuisadza bwino kuti isabaye m'manja. Juzi yake yothothoka ija anavula n'kuveka mwana wanga wamng'ono, iye n'kutsala ndi malaya okha. Anauza ana kuti agwirane manja ndi bambo awo ndipo aziimba nyimbo iliyonse yomwe akuidziwa kuti iye aziwamva ali kumbuyo. Anasankha ya ku Sande sukulu.

Achemwali anayesa kuyenda ndi ndodo, koma potsetsereka zinakanika. Iwo ndi munthu wathupi ndithu, ndipo anachita manyazi, koma mnyamatayo anawerama n'kunena kuti, "Kwerani anti, ine ndimasenza matabwa." Anawabereka. Anasiya njira yomwe tinadzera n'kulowa kanjira ka azimayi otola nkhuni, kopapatiza, komwe ine sindikanakaona ngakhale kuli dzuwa. Ankayenda pang'ono, n'kuwatsitsa, n'kupuma, n'kutiwerenga mmodzimmodzi, kenako n'kuwaberekanso. Ndinali pambuyo pake penipeni, ndipo ndinkaona mitsempha ya m'khosi mwake itatupa, nthunzi ikutuluka pamsana pa malaya onyowa. Sanadandaule ngakhale kamodzi. Titatulukira pa msewu wafumbi wa magalimoto onyamula mitengo, anatikhazika pansi pa mtengo, n'kuthamanga yekha. Anabwera ndi wakabaza wa njinga yamoto amene anatenga achemwali mpaka pomwe tinasiya galimoto. Ife tinafika cha m'ma 5 koloko, kukuyamba kuda.

Ndinamugwira dzanja n'kumupepesa chifukwa cha moni wa m'mawa uja. Anaseka n'kunena kuti, "Palibe kanthu amayi, munali mutazizidwa." Amuna anga atamufunsa kuti pa K150,000 yathu ija iye alandirapo zingati, anayang'ana pansi osayankha. Tinamupatsa yonse yomwe inatsala m'matumba, ndipo ndikudziwa kuti inali yochepa.

Bambo aja anaimba 8 koloko usiku tili kale ku Blantyre, mawu ali mwaa, kufunsa ngati tasangalala ndi kupempha kuti tiwalembere ndemanga yabwino. Nditawafotokozera anakhala chete, kenako anapepesa, ndipo m'mawa mwake anaimbanso kufunsa za phazi. Anabwezanso kandalama ka nkhomaliro. Pamenepo ndiwayamikire, ndipo ndivomerenso kuti posankha wotipatsa sanalakwitse. N'chifukwa chake sindinaike nyenyezi imodzi monga ndinalumbirira ndili pa phiri paja. Koma munthu wotenga ndalama za anthu n'kuwatumiza m'nkhalango alibe bandeji ngakhale imodzi, foni n'kuzimitsa, ameneyo sindingamutumizire m'bale wanga.

Mukafuna kupita, pitani, phirilo n'lokoma. Funsani kaye kuti amene ayende nanu wapansi ndi ndani, ndipo ndalama yotsala muzipereka pobwera. Tengani chakudya chanu, majekete, ndi nsapato za mano, makamaka miyezi ino ya June ndi July. Ana a zaka 9 ndi 12 anakwanitsa bwinobwino.

Ku chipatala anajambula n'kupeza kuti fupa silinathyoke, anangobinya. Achemwali akubwerera ku Joni Loweruka akutsimphina, ndipo ndodo ija akana kuisiya. Inu bambo, ngati mukuwerenga, Chingwe's Hole tinalipira koma sitinafikeko, ndipo ndalama yake ndikuidikirabe.