Boti la alendo lopita ku Thumbi: zabwino zake ndi zofunika kusamala

Ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe m'boma la Mangochi, amene amayendetsa maboti a alendo ndi anthu a m'mudzi momwemo, ambiri mwa iwo ana a asodzi. Usipa ukavuta ndipo chambo chikamasowa, kuperekeza alendo kwakhala podalira pena. Ulendo wotchuka ndi wopita pachilumba cha Thumbi, mtunda wosakwana mphindi 20 pa boti la injini.

Ulendowu ndi woyenera ndalama yake, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamitundu yowala tokhala m'miyala. Malowa ali m'kati mwa Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaizindikira ngati malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kusodza pafupi ndi zilumbazi, mamita 100 kuchokera pagombe, n'koletsedwa, n'chifukwa chake tinsombati n'tambiri ndiponso sitithawa munthu. Mukavala galasi losambirira n'kuviika nkhope pafupi ndi miyala, mumaona tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tikudya ndere pamwala. Woperekeza wodziwa ntchito amakusonyezani mwala woti muponde ndi pomwe madzi akuya mwadzidzidzi. Izi anaziphunzira ali mwana m'bwato la bambo ake, osati m'kalasi.

Pobwerera amadyetsa nkhwazi. Amalasa kabango m'nsomba kuti isamire, amaimba mluzu, kenaka n'kuiponya. Nkhwazi imatsika mumtengo n'kuiwakha pamadzi. Ngati maboti ena adutsapo kale, imakhala yakhuta ndipo imangokuyang'anani. Apa musadzudzule woperekeza.

Nthawi yabwino yonyamuka ndi m'mawa. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umawomba, mafunde amakula, madzi amazizira. Seputembala mpaka Novembala nyanja imakhala bata kawirikawiri ndipo pansi pamaoneka bwino.

Zovuta zambiri zimayambira pagombe, boti lisananyamuke. Mtengo umakambidwa pakamwa, ndiye mkangano umabuka madzulo. Funsani momveka: kodi ndalamayi ndi ya munthu mmodzi kapena ya boti lonse? Mafuta alimo? Nkhomaliro ilimo? Nanga chiphaso cholowera mu paki, chomwe mtengo wake umasiyana pakati pa Amalawi ndi alendo akunja, alipira ndani? Werengani majekete oyandamitsa, akwanire aliyense mpaka ana. Galasi liyeseni muli kumtunda: likanikizeni pankhope, kokani mpweya ndi mphuno, ngati siligwira ndiye kuti labala yatha ndipo lilowetsa madzi. Onaninso ngati m'boti muli nkhafi, poti injini zambiri n'zakale ndipo zimazima.

Chizolowezi chomwaza buledi kuti mbuna zisonkhane sichabwino. Zithunzi zimakongoladi, koma mbuna zambiri chakudya chake ndi ndere. Ingonenani mwaulemu kuti, "Achimwene, buledi asiyeni," sakwiya. Likodzo nalo lilipo, makamaka m'madzi osaya a kufupi ndi mudzi kumene kuli nkhono, choncho mukabwerera kwanu kayezetseni kuchipatala pakapita milungu ingapo.

Pa nkhani yoti ndalama ikufika kwa asodzi, mayankho ake ndi osakanikirana. Mukalipira kudzera kwa munthu wapakati, mwini boti amatsala ndi zochepa akachotsa mafuta. Ndi bwino kufunsa komwe mwagona kuti akulozereni woperekeza wodziwika m'mudzimo, n'kukambirana naye maso ndi maso. Nkhomaliro ya nsomba yowotcha pamakala, kampango kapena chambo, ndi mpunga kapena nsima, imathandiza anthu angapo nthawi imodzi: msodzi, mayi wogulitsa tomato, wophika. Koma kanani chambo chaching'ono, ndipo pa nyengo yotseka nyanja funsani nsomba ina.

Alendo sabwera chaka chonse. M'dzinja maboti ambiri amangokhala pamchenga, ndipo anyamata omwewo usiku amabwerera ku ukonde wa chilimira ndi nyali zawo kukasaka usipa.