Zithunzi za mapiri ndi zigwa: pa sikirini kapena pa pepala lalikulu?

Anzanga amene timakonda kujambula malo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi ndi bwino kulipira kuti chithunzi chisindikizidwe chachikulu n'kupachika pakhoma, kapena kungogula sikirini yabwino n'kumaonera pomwepo? Ndayankha pakamwa mpaka kutopa, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Ndinenetu poyamba kuti ine ndili mbali ya pepala, ngakhale kuti pepala lomwelo ndi limene linandiwawitsa mtima kuposa chida china chilichonse cha ntchitoyi.

Pa kufulumira ndi kutchipa palibe mkangano, sikirini yapambana. Mwajambula m'mawa, masana abale ndi anzanu aona kale.

Nkhani yagona pa kuwala. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake, pomwe pepala lilibe kuwala, limangobweza kumene lalandira m'chipindamo. Pa sikirini wamba ya LCD, malo oyera kwambiri amawala pafupifupi ka 1000 kuposa malo akuda kwambiri. Pa pepala lonyezimira kusiyanaku kumathera cha m'ma 200 kapena 300, ndipo pa pepala losanyezimira kumatsikanso. Chithunzi cha nkhope ya munthu chimapirira zimenezi. Koma chithunzi cha malo nthawi zambiri chimakhala ndi thambo lowala kumwamba ndi mithunzi yakuya kumunsi, ndiye chikafika pa pepala mbali ina imayenera kufinyidwa.

Ine zinandionekera pa chithunzi cha chigwa chimene ndinajambula dzuwa lisanatulukire bwinobwino. Kutsogolo kunali miyala yonyowa ndi mame, ndere zitamera m'ming'alu, kenako mitengo ili mumthunzi, kumbuyo nkhungu ikukwera m'phiri. Pa kompyuta ndinkatha kuwerenga masamba a mitengo ija. Ndinatumiza kwa osindikiza ena kuti andipangire pa saizi ya A1. Tsiku lomasula mpukutuwo ndinangoti kakasi. Mbali yonse ya kumunsi inali bii, miyala ndi mitengo zitasanduka chinthu chimodzi chakuda. Nkhungu yokha ndi imene inatsala ikuoneka.

Sizinathere pamenepo. Kamera yanga imajambula chithunzi cha muyezo wa 3 kwa 2, pomwe mapepala a mtundu wa A ndi ofupikirapo m'litali mwake. A1 ndi masentimita 59.4 kwa 84.1. Kuti chithunzi chidzaze pepala lonse, pamafunika kudula pafupifupi magawo 6 pa 100 a mulitali. Iwo anadula osandifunsa, ndipo chimene chinapita ndi mtengo wouma wa kumapeto kumanja, umene ndinasuntha nawo miyendo ya kamera kuti ulowe. Anayatsanso kachipangizo kawo kokonza mitundu pakokha, thambo lotuwa la m'mawa n'kusanduka labuluu wa masana. Nditadandaula, anandiuza mwaulemu ndithu kuti angathe kubwereza, koma ndilipire mtengo wonse kachiwiri, kuwonjezapo ndalama ina yoti munthu aone fayilo isanalowe m'makina. Ndalama imeneyo sinalembedwe paliponse pamene ndinkaitanitsa. Mpaka lero chimandinyansa n'chakuti ntchito yoona fayiloyo inalipo, ndipo ikanapulumutsa chithunzi choyamba, koma anadikira kuti chiwonongeke kaye kuti aitchule.

Komabe mkwiyo wanga waukulu uli pa sikirini. Makina osindikiza anatulutsa mdima umene unalidi mu fayilo. Sikirini ndi imene inaubisa. Masikirini ambiri amachoka kufakitale atakwezedwa kuwala kuti akope maso m'sitolo, 250 kapena 300 cd/m² (muyezo wa kuwala kwa sikirini) si zachilendo, ndipo mafoni amapitirira pamenepo. Amene amakonza zithunzi zosindikiza amatsitsa kufika pakati pa 80 ndi 120. Mukamakonza chithunzi pa sikirini yowala chonchi, makamaka usiku magetsi atazimitsidwa, mithunzi imaoneka yotseguka pomwe ili yotsekeka, inu n'kumaonjezeranso kuda kuti chikome. Pepala silingakuchitireni chifundo chimenecho.

Pali zothandiza, ndipo sizovuta monga zimamvekera. Tsitsani kuwala kwa sikirini mpaka malo oyera afanane ndi pepala loyera limene mwaligwira pambali pake. Ngati mungakwanitse, pezani kachipangizo koyezera mitundu ya sikirini. Pemphani osindikiza akupatseni ICC profile, fayilo yofotokoza mmene mitundu imatulukira pa makina awo ndi pepala limene mwasankha, muilowetse mu pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Lightroom kapena Photoshop, muonere chithunzicho mmene chidzatulukire. Mukangoyatsa zimenezi chithunzi chimazilala nthawi yomweyo, mtima n'kugwa pang'ono, koma chimenecho ndiye choona. Khulupirirani histogram, girafu yoonetsa kuchuluka kwa malo akuda ndi owala m'chithunzi, kuposa maso anu. Ngati yaunjikana kumanzere, komwe ndi mbali ya mdima, pepala lidzada basi.

Pa mitundu anthu amaganiza kuti sikirini imapambana paliponse, koma si choncho. N'zoona kuti buluu woyaka ndi kufiira kwa dzuwa likamalowa zimazilala pa pepala. Koma makina abwino a inkjet, a inki zambirimbiri, amatulutsa mitundu ina yobiriwira ndi ya pakati pa buluu ndi wobiriwira imene sRGB, mulingo wa mitundu wa masikirini wamba, siifikira, ndipo mitundu imeneyi ndi ya nkhalango ndi madzi, zomwe ife timajambula. N'chifukwa chake ena amasunga mafayilo awo mu Adobe RGB, mulingo wa mitundu wotambalala kuposa sRGB. Kumbukiraninso kuti kuyera kwa sikirini nthawi zambiri kumaikidwa pa 6500K (K ndi muyezo wa mtundu wa kuwala: nambala ikamatsika, kuwala kumapendekera kuchikasu), pomwe osindikiza amaonera ntchito yawo pa kuwala kwa 5000K, ndipo babu la m'chipinda chanu likhoza kukhala lachikasu kuposa zonsezi. Chithunzi chapakhoma chimasintha nkhope m'mawa, masana ndi usiku. Ena zimawakwiyitsa. Ine ndimazikonda, chifukwa malo enieniwo amateronso.

Tsopano chimene chimandibweza ku pepala. Kamera ya mamegapikiselo 24 imajambula mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 6000 kwa 4000. Sikirini ya 4K ili ndi 3840 kwa 2160, omwe ndi mamegapikiselo 8 ndi pang'ono. Ya Full HD ili ndi 2 okha. Ndiye kuti mukamaona chithunzi chonse pa sikirini, zambiri zimene kamera inagwira zimakhala zitatayidwa. Mukhoza kukulitsa n'kuona kambali kamodzi, inde, koma pamenepo phiri lonse lasowa. Pa pepala lalikulu zonse zimakhalapo nthawi imodzi. Mumaima patali n'kuona mmene chigwa chayalira, kenako mumasendera pafupi n'kupeza kanjira ka m'mbali mwa phiri, kapena mbalame ili pa nthambi imene simunaione n'komwe pojambula. Thupi lanu ndi limene limayenda, monga munkayendera muli pamalopo.

Zimenezi zimasinthanso mtundu wa zithunzi zimene zimaoneka zabwino. Pa foni chimapambana ndi chithunzi cha chinthu chimodzi chachikulu, mitundu yolimba, choti munthu achimve chala chisanapitirire. Chithunzi chofatsa, cha mizere ya mapiri yotsatizana ikuzimirira m'nkhungu, pa foni chimangooneka ngati chotuwa chopanda kanthu. Chikakula pa pepala ndi chimene anthu amaima nacho nthawi yaitali, pomwe chija cha mitundu yokuwa chimayamba kutopetsa pakangopita masabata chili pakhoma.

Koma kukula kumaululanso zobisika. Kafumbi ka pa sensa (chipangizo cholandira kuwala m'kamera), kosaoneka pa foni, kamasanduka kadontho kotuwa pakati pa thambo. Ngati munanoletsa chithunzi mopitirira, pamakhala kamzere koyera kotsatira msana wonse wa phiri. Thambo la mu fayilo ya JPEG yokonzedwa mopitirira limagawika mizeremizere m'malo mosalala. Ndipo udzu wa kutsogolo umene munkati uli bwino umapezeka kuti ndi wosaoneka bwino, chifukwa ziwerengero zimene timadalira zoti kuyambira apa mpaka apo zonse zikhala zakuthwa zinapangidwa poganizira chithunzi chaching'ono, cha masentimita ngati 20 kwa 25. Kuchepetsa kabowo ka lenzi kwambiri, mpaka f/22, sikuthetsa vutoli, kumangofewetsa chithunzi chonse.

Za lamulo limene limanenedwa lakuti chithunzi chosindikiza chikhale ndi mapikiselo 300 pa inchi (300 ppi) musade nazo nkhawa kwambiri. Pa muyezo umenewo mamegapikiselo 24 amangokwana masentimita 51 kwa 34, koma fayilo yomweyo pa masentimita 90 kwa 60 imapereka pafupifupi 170 ppi, ndipo munthu ataima mita imodzi kapena kuposerapo saona vuto, bola kamera inali chilili pojambula.

Felemu ndi galasi nthawi zambiri zimadula kuposa chithunzicho, ndipo galasi wamba likayang'anizana ndi windo mumangodziona nokha. Funsaninso za inki: ya pigment imakhalitsa kuposa ya dye, ngakhale zonse sizigwirizana ndi dzuwa lowomba mwachindunji.

Kwa amene zithunzi zanu zimathera pa Instagram ndi WhatsApp, sungani ndalama zanu, sikirini ikukwanirani. Koma ngati muli ndi chithunzi chimodzi chimene mumabwererako mobwerezabwereza, chisindikizeni chachikulu. Musanalipire, auzeni molemba kuti asadule chilichonse ndiponso asakhudze mitundu, ndipo afunseni mtengo wonse kuphatikizapo wobwereza. Kenako dulani kachigawo ka fayilo kamene kali ndi mthunzi wakuya kwambiri pamodzi ndi kambali ka thambo, akusindikizireni pa kapepala kakang'ono pa kukula kwenikweni kwa chithunzi chachikulucho, pa pepala la mtundu womwewo. Kaikeni kapepalako pakhoma limene mukufuna, mukaone masana ndi usiku, ndipo ngati miyala ya mumthunzi ikuoneka, itanitsani chachikulu.