Buku lakale analigulitsa ngati latsopano, koma zithunzi zake zandigwira

Ndapereka nyenyezi zitatu, ndipo zonsezo ndi za bukuli. Wogulitsayo sakuyenera ngakhale imodzi.

Iye analemba poyera kuti ndi buku latsopano la mitengo ya tisitima toseweretsa ta kampani ya ku America ya Lionel, lodzaza ndi zithunzi, ndipo mtengo wake si wamasewera. Litafika ndinathamangira kuona chaka chimene linasindikizidwa. Lakalekale! Chikuto chopindika pangodya, ndipo mwini wake woyamba anali atachongachonga ndi pensulo pambali pa manambala ena. Ndinamulembera mwaulemu ndithu. Mukudziwa anayankha chiyani? Akuti ankatanthauza kuti bukulo ndi latsopano pa katundu wake, langofika kumene. Nditamufunsa zobweza ndalama anati ndilitumize ndi ndalama zanga, akaliona ndiye aganize. Kuchoka pamenepo zii, uthenga wanga amangouwerenga osayankha. Munthu wogulitsa mabuku a mitengo angalephere kudziwa kuti pa buku lotere chaka n'chofunika? Akudziwa bwino lomwe, kungoti anandiona ngati wogona.

Mitengo yam'katimo ndi madola a msika wa ku America wa nthawi imeneyo, ndiye ukapita nayo kwa munthu wogulitsa sitima lero akuseka. Komanso silifotokoza muyezo wa C-1 mpaka C-10 wa bungwe la Train Collectors Association, umene ogulitsa ambiri amagwiritsa ntchito ponena ngati sitima ili bwino kapena yatha.

Ndinalitsegulanso ndili ndi mkwiyo womwewo, kufuna kutola zolakwika zina zoti ndidzalembe pano. Apa m'pamene mtima unayamba kutsika. Timabuku tina tam'thumba ta mitengo ya tisitima timangondandalika nambala, dzina ndi mtengo basi, pamene ili likukuonetsa chinthucho ndi maso. Gawo la zaka za 1945 mpaka 1969 ndilo labwino koposa, makamaka masamba a mabogi onyamula katundu a nambala 6464. Bogi yooneka ngati imodzimodzi imakhala ndi mitundu ingapo: penti yosiyana pang'ono, zilembo zodindidwa mosiyana, zitseko zosiyana, ndipo kakusiyana kakang'onoko n'kamene kamakweza kapena kugwetsa mtengo. Ndinatenga bogi yanga n'kuiika pambali pa chithunzi, pansi pa nyale. Thupi lake likugwirizana, zilembo zikugwirizana, koma chitseko ayi. Timizere take n'tosiyana, ndipo mtundu wake ukuwala kuposa bogi yonse. Wina anachisintha kale. Kabuku kopanda zithunzi sikakanandiuza zimenezo.

Mulinso chithunzi chachikulu cha injini ya pinki ija ya 1957, imene Lionel anapangira atsikana koma sinayende malonda. Lero anthu amaisakasaka, n'chifukwa chake akathyali amatenga injini yakuda yamtundu womwewo n'kuipenta pinki. Bukuli likuchenjeza za zimenezi momveka, ndiponso likukumbutsa kuti bokosi loyambirira palokha limawonjezera mtengo, choncho musamataye makatoni ong'ambika aja. Zithunzi zina za kumapeto n'zakuda ndi zoyera, zimene sizithandiza kwenikweni pamene nkhani ili ya penti, koma n'zochepa.

Ngati mumasonkhanitsa tisitima ta mitundu ina monga Hornby, Märklin kapena American Flyer, muno mulibe zanu, ndi Lionel yekhayekha.

Ndiye sindilibweza. Ndizigwiritsa ntchito pozindikira katundu, mitengo ndiziona kumene anthu akugulitsana panopa. Ngakhale machongedwe a pensulo aja ndasiya kudana nawo, chifukwa mwini wake woyambayo ankachonga mabogi osowa, zikuoneka kuti ankadziwa zinthu. Koma kwa bambo ameneyu sindidzagulanso kanthu, ndipo inu musanamulipire muuzeni akujambulireni tsamba lolembedwa chaka.