Opaleshoni ya pakakolo ku Blantyre: ndemanga yanga patatha miyezi 8

Ndimagula usipa ku Makawa n'kukaugulitsa pa Mangochi boma. Ndinabinya mwendo wakumanja pakakolo potsika lole, thumba lili paphewa. Ndinathowa, anakanditema mphini, X-ray ndinajambulitsa kawiri koma sinaonetse kanthu. Chaka chathunthu phazi linkatupa madzulo aliwonse, nthawi zina n'kumagwira ngati mwalowa kamwala.

Pachipatala china cholipira ku Blantyre ndi pamene makina ojambula m'kati mwa thupi a MRI anaonetsa vuto. Chichereŵechereŵe cha pafupa lotchedwa talus chinabenthuka pamodzi ndi kachidutswa ka fupalo.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri adokotala a pachipatalapo n'chakuti sanandithamangitsire ku fiyeta. Anatenga pepala n'kundijambulira. Bala likakhala laling'ono, losapitirira mamilimita pafupifupi 15, amalowetsa kakamera pa timabowo tiwiri, n'kupala chowonongekacho, kenako n'kuboola timaenje pafupa kuti magazi ochokera m'mafuta a m'fupa atuluke n'kumeretsa chophimba chatsopano. Njira imeneyi amaitcha microfracture. Likakhala lalikulu amachotsa kachidutswa ka fupa ndi chichereŵechereŵe pabondo n'kukadzala pakakolo, koma bondolo likhoza kutsala likupweteka. Anandiuzanso mosabisa kuti chomeracho sichilimba ngati chobadwa nacho. Ine mawu amenewa ndi amene anandilimbitsa mtima, chifukwa munthu wofuna ndalama zako zokha sanganene choncho.

Langa linali laling'ono. Anandibaya jakisoni wadzanzi pamsana, mawa lake ndinatuluka. Anamwino anali aulemu, ndipo mabala anapola osachita mafinya.

Dandaulo langa lili pa chisamaliro cha pambuyo pa opaleshoni. Anati masabata 6 osaponda, ndodo ziwiri, basi. Palibe anandifunsa kuti ndimakhala kuti. Kwathu n'kunyanja, ndodo zimatitimira mumchenga, ndipo chikhakha ndi kutentha kwa October kuno mukukudziwa. Mafizo anandilembera kawiri pa sabata ku Blantyre komweko, ulendo wodutsa Liwonde ndi Zomba pa minibasi, mwendo ulibe poutambasulira. Ndinapita katatu ndalama zinatha, pajatu ndinali nditagulitsa kale mbuzi kuti ndilipire opaleshoniyo. Akanangondilembera kalata yopita kwa amafizo akuno, kapena kundijambulira zochita papepala ngati muja anachitira poyamba, sindikanataya mwezi phazi litauma. Ndinadzawapeza ndekha amafizo pafupi, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kukoka phazi ndi chitenje komanso kuima ndi mwendo umodzi.

Lero ndimayenda kuchoka kumsika mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi osaima. Thumba la usipa sindinayambebe kusenza, ndimalipira anyamata. Kukazizira m'mawa pamaumabe pang'ono.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Anzanga a ku Monkey Bay, Namwera ndi Makanjira, ngati mukupita, kambiranani za mafizo musanasaine pepala la opaleshoni, ndipo pezeranitu munthu wokutungirani madzi masabata 6 amenewo.